Ndinapatsa kalonga wa ku Jeremani mwana wanga pa Kitonga

Ndinachoka ku Bolero ngati ndikupita kusikelo. Chikwama ndinachisiya dala pamphasa, chotsegula, zovala zili mbwee, kuti apongozi akasuzumira aziti mtsikanayu abwerera. Ndinangobereka Khumbo, kutenga chitenje chimodzi chapadera, basi. Mapepala athu a paboda ndinali nditawasokera kale m'kabudula wamkati.

Ife timakhala ku Dar es Salaam, ku Mbagala. Amuna anga a Wongani amaphika pa gesiti ina, nyumba yogona alendo, ku Sinza. Kwawo ku Bolero kunali mwambo wa chiliza cha amalume awo, iwo abwana anawakaniza tchuthi, ndiye anatuma ine ndi mwana kuti tikaimire banja. Ine ndine wa ku Dowa, kwathu mwana ndi wa mayi ake. Kumeneko ayi. Mwambo utatha apongozi aakazi anamunyamula Khumbo, kumuyasamitsa, kumuona mano, n'kunena kuti, "Uyu wasiya bere. Atsala kuno aphunzire chilankhulo cha makolo ake, osati Chiswahili chanucho. Inu pitani mukabereke wina." Apongozi aamuna anangogwedeza mutu, ndipo pakhomo paja mutu umenewo ukagwedezeka nkhani yatha. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira a Wongani. Iwo akuti, "Aa, adada akanena anena. Tiona." Tiona! Mwana wa zaka ziwiri, woti akadzidzimuka kutulo amafufuza khutu langa kuti aligwire, akuti tiona.

Matola mpaka pa Rumphi, kenako minibasi ya ku Karonga. Aliyense wokwera ndinkamuyang'ana kumaso, kodi ameneyu si wachibale? Ku Rumphi aliyense ndi wachibale. Mayi wina anati, "Kamwana kokongola, n'ka kwa ndani?" Ndinati n'ka Mulungu, n'kutembenukira kuwindo. Potsetsereka pa Chiweta mabuleki ananunkha, anthu anayamba kupemphera mokweza, ine mumtima ndinkati thamangani adalaivala, thamangani.

Pa Songwe anyamata osintha ndalama anandizinga ngati ntchentche pa usipa. Anandibera pang'ono, ndinadziwa, koma ndani akanaima n'kumakangana. Chidindo chinamenyedwa, tinawoloka mlatho. Nditaponda Kasumulu ndinapuma, ndinati tsopano ndapulumuka, n'kuyatsa foni. Ndinalakwitsa.

"Mwachita chiyani inu?" anatero a Wongani. "Kumudzi kwavuta. Adada aimbira a Vitumbiko, adzaza mafuta dzulo, anyamuka kuno. Mukumana panjira. Mungowapatsa mwanayo, tisachititse manyazi."

A Vitumbiko ndi akulu awo, alamu anga, amayendetsa thanki ya mafuta kuchoka ku Dar kupita ku Lilongwe. Ndipo msewu ndi umodzi. Iwo akubwera, ine ndikupita, palibe poti ndipatukire. Ndinazimitsa foni, kukwera basi yaing'ono yodutsa ku Tukuyu, kukagona pa Uyole m'kachipinda kotchipa nditatsekera mpando pachitseko.

Basi yaikulu inanyamuka m'mamawa, kuzizira ngati m'firiji. Mpando wanga unali wa kuwindo, ndinathokoza chifukwa panali katani. Pambali panga panali mzungu. Wokalamba, wamtali ngati nsungwi, maondo kufika pachibwano, masandasi ovalira masokosi, sokosi imodzi yobooka chala chili pamtunda. Pamiyendo atafumbata jumbo ya mazira owiritsa. Khumbo anamuyang'ana, kumuyang'ana, kenako anatambasula dzanja n'kumukoka ubweya wa pamkono. Ndinati lero ndamangidwa.

"Musiyeni, mayi," anatero mzunguyo. "Ubweyawu ulibe ntchito. Ndakhala ndikufunafuna woti andithothole."

Chichewa! Cha ku Ntcheu chenicheni. Ndinatsala pang'ono kumeza lilime.

"Dzina langa simungalithe," anatero. "Ku Ntcheu amanditchula a Mjigo. Ndakhala ndikukumba madzi kumeneko inu musanabadwe."

Ankapita kukakwera ndege ku Dar, kwawo ku Jeremani kunali maliro a msuweni wawo. "Ameneyo ndiye anali kalonga womaliza wa kwathu. Tsopano ndatsala ine, ngati mungandiwerengere."

"Kalonga? Wokwera basi?"

"Wa mazira owiritsa, mayi. Tengani limodzi."

Ine nkhani sindinkazifuna. Maso anga anali pamsewu. Thanki iliyonse yochokera ku Dar ndinkaiwerenga nambala, ikakhala ya ku Malawi ndinkakoka katani n'kumukankhira Khumbo pansi pa chitenje. Koma munthu wokalamba akayamba za makolo ake, kaya wakuda kaya woyera, salekeza. Anatchula dzina la dziko lawolo, lomveka ngati munthu watsamwa ndi munga wa nsomba. Akuti kale Jeremani sinali dziko limodzi, inali timaiko timaiko ngati zigamba za pa thalauza, kalikonse ndi mfumu yake, mbendera yake, ndalama yake.

"Ku Dar mumakhala kuti?"

"Mbagala."

"Ndiye kuchoka ku Mbagala kufika pa Magomeni, mwadutsa dziko lathu lonse, mwalowa la eni ake."

"Limenelo si dziko, bambo. Ndi ploti."

Anaseka mpaka kutsokomola. Woyambitsa ufumuwo, akuti, anamanga linga lamiyala pakaphiri koyang'ana mtsinje, n'kumangirira tcheni kudutsa madziwo. Bwato likabwera ndi mchere kapena vinyo, tcheni chija amachikweza, eni katundu alipire kaye. Mtsinje sanaukumbe iye, mabwato si ake, ntchito yake kungoima panjira.

"Ndiye kuti anali ngati anyamata a pa stendi aja, olipiritsa maminibasi a daladala pamsewu woti si wawo."

"Ndendende. Kusiyana kwake n'koti uyu atalemera anabwereketsa ndalama mfumu yaikulu, mfumu yaikulu inalephera kubweza, ndiye inamupatsa ukalonga. Wakuba akakhalitsa amasanduka wolemekezeka, mayi."

Pa Makambako mphepo inkaomba ngati ikufuna kugubuduza basi. Azimayi a tomato anakweza mabeseni kumawindo. Kuseri kwawo ndinaona mathanki atatu ataima, madalaivala akumwa tiyi. Ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unafika pa mimba ya Khumbo. A Mjigo anandiyang'ana, sanafunse, anangosenda dzira lina.

Titadutsa anapitiriza. Akuti kalonga wina anamwalira n'kusiya ana aamuna awiri odana ngati mphaka ndi galu. Ploti ija anaigawa pakati. Nyumba yachifumu nayo anaigawa, khoma kudutsa pakati pa bwalo, chitsime kutsalira mbali imodzi, chimbudzi mbali inayo. Aliyense anapangitsa mbendera yake. Kenako atsekwe a wamkulu anawolokera kwa wamng'ono n'kudya kabichi, nkhondo inayamba.

"Nkhondo ya kabichi?"

"Yeniyeni, ya ng'oma ndi malipenga. Asilikali a mbali zonse ziwiri akanakwana m'basi muno, mipando n'kutsala. Inaima chifukwa nthawi yokolola inafika, asilikali anapita kuminda. Amene anafa ndi tsekwe mmodzi, ndipo anamudya pokambirana za mtendere."

Ndinaseka. Ndinadabwa kumva kuti pakamwa panga pakutuluka phwete, chichokereni ku Bolero ndinali ndisanaonetse dzino. Pafupi ndi Mafinga kondakitala anakuwa kuti tikachimbe dawa, ndiko kuti tikadzithandize patchire. Ndinatsika ndi Khumbo, kuthamanga, kubwerera, maso uku ndi uku ngati nkhuku yakumva kabawi.

Kalonga wotsatira, anatero a Mjigo titabwerera m'basi, anali amene kwawo amamutchula Wonenepa. Anandionetsa chithunzi chake pafoni, bambo wa masaya ngati mabanzi, atavala tsitsi lachikazi lopotanapotana ndi masokosi ofika m'maondo. Ameneyu anagwirizanitsanso ploti ija pokwatira msuweni wake wa tsidya la khoma. Kenako anaona kuti mafumu a maiko akuluakulu ali ndi nyumba za mawindo ambiri, nayenso anafuna yake. Ndalama analibe. Ndiye anayamba kubwereketsa anyamata a m'dzikomo kwa mafumu ena kuti akawamenyere nkhondo kutali, kutsidya kwa nyanja. Mnyamata akapita, windo limodzi. Akafera komweko, malipiro amakwera.

Apa sindinaseke. "Amayi awo anati chiyani?"

A Mjigo anakanda chibwano. "Mabuku a kwathu sanalembe za amayi."

Pa Ipogolo, kumunsi kwa Iringa, basi inaima kuti tidye. Ine sindinatsike. A Mjigo anabwera ndi chipsi mayai, tchipisi chokazingira mazira, m'kapepala, akuti anagula zambiri mwangozi. Bodza lake linali loonekeratu koma njala inali yoona. Khumbo anadya ndi manja onse awiri, mafuta anapukutira pa thalauza la kalonga.

Tikunyamuka ndiye a Mjigo anayamba ya kalonga Wopemphera. Ndikanadziwa ndikanamutseka pakamwa ndi dzira. Akuti ameneyu anali wa tchalitchi kwambiri, ankalipiritsa chindapusa munthu akayasamula pa ulaliki. Mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo anakwatira mkazi wa dziko lina, wa mpingo wina, anabereka kamnyamata, kenako anagwa pahatchi n'kufa. Wopemphera anati kamnyamatako ndi kolowa ufumu, sikangaleredwe ndi mlendo. Kali ndi zaka ziwiri anakatenga. Mayiyo anamukweza pangolo n'kumuperekeza kumalire.

Dzanja langa linafinya mwendo wa Khumbo mpaka analira.

"Koma mukumbukire kuti ndi ploti," anapitiriza a Mjigo, osadziwa kuti akundiboola. "Malire anali pafupi. Mayiyo anachita lendi kachipinda tsidya lake, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Pawindo pake ankaona nyumba yachifumu. Nyali ya m'chipinda cha mwana ikazima madzulo, ankadziwa kuti wagona."

"Ndiye anadzamutenga?"

"Ayi. Mwanayo anakula, agogo ake anamwalira, analowa ufumu. Tsiku lina anamubweretsera mayi wa imvi. Anamuweramira bwinobwino mwaulemu, n'kufunsa nduna yake kuti kodi mayiwa ndani."

Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji, koma a Mjigo anasiya kutafuna. Ndisanayankhule basi inayamba kuchedwa, kuchedwa, n'kuima. Tinali pa Kitonga, pamene msewu umatsetsereka mozungulira phiri, mbali imodzi thanthwe, mbali ina phompho. Kutsogolo lole ya matabwa inali itagona cham'mbali pakona. Foleni mbali zonse, galimoto zotsika ndi zokwera zonse zili chiimire. Anthu anatsika, anyamata a chimanga chootcha anatulukira ngati achita kumera, anyani anakhala pa zitsulo za m'mbali mwa msewu kumatiyang'ana ngati atibwereketsa ndalama.

Ola linatha, lachiwiri linayamba. Ndinkasuzumira pakabowo ka katani. Kumunsi, mbali ya zokwera, kunali mathanki mndandanda. Ndiyeno ndinaona munthu wa mimba, wa chipewa chofiira, akukwera m'basi imene inali kutsogolo kwathu. Anatulukamo, n'kukwera ina. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa, mapazi oloza kunja ngati bakha. A Vitumbiko.

Ndinawauza a Mjigo zonse m'mpweya umodzi, Bolero, mano, sikelo, thanki, chipewa chofiira, sindikudziwa ngati mawu ankatsatana. Ndinkafuna kuthawira kutchire koma kutchire kunali phompho. Pansi pa mpando panali matumba a anyezi a mayi wina wa ku Tanzania amene anakhala kumbuyo kwathu.

"Alamu anuwo mwanayu amamudziwa?"

"Anamuona ali wakhanda. Kuchiliza sanabwere."

A Mjigo anapukuta manja, kuvula chipewa chawo chachikulu chansalu, kumuveka Khumbo. "Ndipatseni. Kumtundu kwathu takhala tikuba ana zaka mazanamazana. Ntchitoyi ndi yobadwa nayo."

Amayi anzanga, ine amene ndinathawa kuti mwana wanga asatengedwe ndi agogo ake enieni, ndinamupereka kwa munthu amene ndinamudziwa m'mawa womwewo, wobooka sokosi, woti dzina lake sindilitha. Khumbo anapita osalira n'komwe, chifukwa cha ubweya uja. Ndinawaona akutsika, kalonga atamukhazika paphewa, timiyendo tili lendelende, phazi limodzi lopanda nsapato. Nsapatoyo inali pampando. Ndinaikhalira.

"Mlamu!" A Vitumbiko anadzaza kanjira konse ka m'basi. "Mwatiyendetsa. Mabasi onsewa ndakwera ngati ndikugulitsa mankhwala a mano. Moni kaye."

"Zikomo alamu. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda. Mwana ali kuti?"

"Ali ku Dowa."

"Ku chiyani?"

"Ku Dowa, kwa mayi anga. Mchemwali wanga anandichingamira pa Karonga, ndinamupatsira pomwepo."

Anasuzumira pansi pa mpando, kukankha matumba ndi phazi. Mayi wa anyezi anawalalatira m'Chiswahili kuti ngati akufuna anyezi agule. A Vitumbiko anamufunsa ngati mtsikanayu anali ndi mwana. Mayiyo, amene Khumbo anamukoka duku kuyambira pa Uyole, anawayang'ana m'maso n'kunena kuti mwana wanji, uyu wakhala akungogona. Basi yonse inali zii. Ngakhale kondakitala anapeza chochita ndi matikiti ake.

"Mwana wa kwathu akakulire ku Dowa?" anatero a Vitumbiko. "Kukavina gule? Mlamu, mwaputa mavu." Anatulutsa foni pomwepo, kuimbira kumudzi, kenako kuimbira a Wongani, kuwauza dzina la basi ndi kuti mkazi wako akubwera chimanjamanja. Ine ndinkangoti zikomo alamu, pepani alamu, nsapato ikundibaya pansi, diso limodzi lili pawindo.

Pawindopo ndiye panali zoti zindiphe. A Mjigo, m'malo mopita kutali, anali ataima pa mnyamata wa chimanga, pafupi penipeni ndi thanki ya alamu anga, akumuonetsa Khumbo anyani. A Vitumbiko anatsika m'basi n'kulunjika komweko. Ndinaluma katani. Anafika, anaima pambali pawo, anagula chimanga. Anayang'ana mzungu, anayang'ana kamwana ka chipewa chofika m'mphuno. Anabenthula chimanga chija n'kumupatsa Khumbo. Khumbo analandira ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsira. Kenako alamu anga anakweza dzanja kwa mzungu mwaulemu, n'kukwera m'thanki mwawo.

Munthu wakwera mabasi onsewo kufuna mwana pamsana pa mayi. Kuti angakhale paphewa pa mzungu, mutu wake sunafikeko.

Lole ija anaikoka dzuwa litapendeka. Mathanki anayamba kukwera, thanki ya a Vitumbiko inadutsa pawindo langa penipeni ikulira ngati ng'ombe. A Mjigo anakwera basi itayamba kale kuyenda. Ndinamulanda Khumbo, kumununkhiza, kumuwerenga zala ngati wangobadwa kumene.

"Mukanapita kutali!" ndinatero. "Mumafuna ndife?"

"Wobisala amaoneka, mayi. Ndipo mukudziwa zimene ananena alamu anu? Anauza dalaivala mnzawo m'Chichewa kuti, azungu awa ana amasiye a kuno atha nawo. Ndinafuna kuyankha kuti zikomo, ndinadziluma."

Mayi wa anyezi anafuna kumva, ndinamumasulira, anaseka mpaka kumenya mpando, nkhani inayenda basi yonse mpaka kwa dalaivala. Pa Ruaha Mbuyuni wina anandigulira soda.

Koma ine mtima sunatsike. Alamu ndinawadutsa, kutsogolo kunali a Wongani, amene anati mungowapatsa mwanayo. Kuti ndisaganize, ndinafunsa ndekha kuti ufumu wa pa ploti uja unatha bwanji.

Akuti unatha mwaulemu. Itatha nkhondo yaikulu, Jeremani yonse inati mafumu basi. Kwawoko anthu anasankha nthumwi zoti zikauze kalonga kuti ntchito yatha. Wotsogolera nthumwizo anali amene ankamukonzera mawotchi. Anafika, anavula chipewa, anapukuta nsapato pakhomo, n'kupepesa kuti bwana tabwera kudzakuchotsani. Kalonga anafunsa ngati angatsale ndi dziwe lake la nsomba. Anamulola. Nyumba ya mawindo ija lero ndi yoonetsa alendo.

"Ndiye mukafika mukagona m'menemo?"

"Ine? Ndimalipira pakhomo ngati wina aliyense. Agogo anga anali mng'ono wake wa kalonga wa nsombayo, koma anakwatira mwana wa wophika buledi. Lamulo la m'banja linkati wachifumu akwatire wachifumu, apo ayi ana ake sawerengedwa. Ndiye bambo anga palibe anawafuna. Anakulira pa uvuni ndi mayi awo, onenepa, osangalala. Manda a makalonga ali pansi pa tchalitchi, mabokosi pamashelefu ngati m'golosale. Yatsala shelefu imodzi, koma akuti ine wa buledi sindiyenera."

"Ndiye zikukupwetekani?"

"Kumeneko kumazizira, mayi. Ine mukandiike ku Ntcheu, pafupi ndi mjigo woti ukutulutsabe madzi."

Ku Mikumi anthu anathamangira kumawindo kuona nyama, ine sindinadzutse mutu. Chifukwa cha kuchedwa kwa pa Kitonga, ndiponso tayala limene linaphulika tisanafike ku Morogoro, tinagona m'basi pa stendi ya Msamvu. Chalinze tinadutsa kukucha, Kibaha fumbi ndi foleni, kutentha kwa Dar kunayamba kulowa pawindo ngati mpweya wa mbaula.

Pa stendi ya Mbezi ndinawaona basi isanaime. A Wongani, atavala malaya a kuntchito, maso ofiira, ndevu zosameta, akuyang'ana windo lililonse. Ndinauza a Mjigo kuti mutsalire pang'ono ndi mwanayu. Ndinatsika ndekha, msana uli mbee.

Anandiyang'ana kumbuyo kaye, kenako kumaso. "Ndiye n'zoona," anatero. "Ku Dowa."

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Osandiuza ine bambo wake? Ine dzulo ndapsereza mpunga wa alendo. Ndafika kunyumba ndapeza kagalimoto kake ka waya pakhomo, ndalephera kulowa. Ku Dowa ine ndidzamuona liti? Akadzandiona adzandidziwa?"

"Ku Bolero mukanamuona liti?"

Anyamata a njinga zamoto za bodaboda anali atatizungulira, wina akundikoka chitenje, dada twende, dada twende, ndiko kuti tiyeni achemwali. Pamenepo a Mjigo anatsika, mutu ataweramitsa pachitseko, Khumbo ali m'manja. A Wongani anayang'ana mzungu, anayang'ana mwana. Anamutenga osafunsa n'komwe kuti bambowa ndani, anakwirira nkhope pa mimba yake.

"Katundu wanu uyo, bambo," anatero a Mjigo. "Wandithothola mkono wonse." Anandipatsa moni wa manja awiri, anakweza chikwama chawo chong'ambika, n'kupita kukakangana ndi wa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, za mtengo wa ku bwalo la ndege. Sindinawaonenso.

Foni ya a Wongani inalira. Anaiyang'ana ngati njoka. "Ndi adada."

"Yankhani."

"Ndiwauze kuti ali ku Dowa? Papite kaye masiku..."

"Bodza langa lathera pa Kitonga. Mukafuna lanu yambani nokha."

Anayankha. Asananene kanthu, Khumbo anaona njinga zamoto zija n'kukuwira pafoni penipeni, "Baba! Bodaboda!" Mawu a apongozi ndinawamva ndili potero, ngati wailesi. A Wongani anandipatsa mwana, anavula kapusi, n'kunjuta pansi pakati pa stendi, pa mafuta ndi makoko a nthochi, monga amachitira akamayankhula ndi bambo awo ngakhale pafoni. Wa bodaboda wina anafunsa ngati akudwala m'mimba.

Ankayankhula Chitumbuka, koma enya ndimamudziwa, ndiye inde wawo. "Enya, adada." Wailesi inapitiriza. "Enya, adada." Ndinamumanga Khumbo kumbuyo, mfundo ziwiri. "Enya, adada. Enya." Ndinayang'ana kumene kunaima daladala, ndinayeza mtunda, ndinaona kuti ndikavula masilipasi ndikhoza kufika asanadzuke. Kupita kuti sindinkadziwa. "Enya, adada." Silipasi imodzi ndinali nditavula kale.

Kenako anadzutsa mutu. "Yayi, adada," anatero. Mawu ang'onoang'ono ngati a mwana wasukulu. "Yayi. Mwana akhala kuno ndi mayi ake. Pa Khirisimasi tidzabwera naye, ndipo tidzabwerera naye."

Wailesi ija inazima. Kumudzi anadula.

Anakhalabe chinjutire, akuyang'ana foni, thukuta likugwa pachibwano. Ndinadikira kuti mwina aimbanso kupepesa. Anaiika m'thumba. Ndinawagwira dzanja, anadzuka.

"Sadzandiyankhulanso chaka chino," anatero.

"Mwadya?"

"Ayi."

Ndinavalanso silipasi ija. Chikhalireni m'banja ndinali ndisanawamvepo akukana bambo awo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinawamvenso. Kamodzi komweko. Tinakwera daladala ya ku Mbagala titaimirira, Khumbo atagona kumsana, dzanja lake lili pa khutu langa.